Mtanda Wanga wa Linunda

14 Malichi

Okondedwa Bambo,

Mvula ya m'mawa yangokata kumene, dzuwa lafika paliwombo, ndipo ndakhala pa matumba a simenti kukulemberani anzanga akupuma.

Munati akapanda kundilemba ntchito mwezi wondiyesa ukatha, ndibwerere kunyumba. Mawu amenewo ndakhala ndikugona nawo.

Kuno ku kampani mitanda yomangira nyumba si yamatabwa ngati imene mumapala inu. Timayala mawaya m'chikombole chachitali, kuwakoka ndi jeke mpaka azilira ngati zingwe za gitala, kenako n'kuthira konkire. Ikauma timadula mawayawo kumapeto.

Dzulo akapitawo anati mtanda umene ndinathira ndekha, mawaya akenso ndidule ndekha. Nditadula womaliza, mtandawo unanyamuka pakati, moti chala chinkalowa pansi pake. Ndinaona kuti ndalephera, poti inu mumati mtanda wokhota ndi nkhuni basi. Achimwene oyendetsa lole, amene timawatcha a Ndevu, anavula chipewa ngati pamaliro n'kundifunsa ngati chikwama changa n'cholongedza kale.

Mukundidziwa, pagulu pakamwa panga sipatseguka. Ndinangovula jombo za kampani, kuziika pamapazi pa akapitawo, n'kuima ndi masokosi m'matope.

Kuseka kwake anthu onse, Bambo, mayi ena osefa mchenga mpaka anakhala pansi. Kani amatero ndi aliyense wobwera kumene. Akapitawo anandifotokozera kuti mawaya aja pofuna kubwerera amafinya konkire chakumunsi, ndiye msana umatukuka. Katundu akadzakhala pamwamba umawongoka osang'aluka. Woipa ndi umene wangogona phee osanyamuka.

"Vala jombozo, mwanawe," anatero. "Ndi zako tsopano. Lolemba udzabwere ndi kachithunzi ka pakhadi la ntchito."

A Ndevu anapepesa pondichapira masokosi pampopi, anthu akuwakuwiza. Inenso ndinaseka mokweza, mpaka ndinachita manyazi.

Choncho musanditumizirenso mlongo wanga kudzandichingamira pabasi. Amayi muwauze pang'onopang'ono, ndikudziwa anali atayamba kale kundisesera kuchipinda. Muwapatse moni, muwauze kuti ndikudya, ndipo manja angolimba chabe. Kuchipindako mutha kusungirako matabwa anu kuti asamanyowe pakhonde, koma mundisiyireko kampata kogona munthu mmodzi.

Ndine mwana wanu wamkazi,
amene ndakusowani.

Ndamaliza Lachisanu lomweli, belu la 1 koloko likutiitana.