Chipata Chosadziwa Ulemu

Logan, Queensland
14 Okutobala

Okondedwa achemwali Losaline,

Ndikhulupirira muli bwino ku Vava'u kuko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, koma ine mtima ukuwira, ndipo ndikapanda kukuuzani inu ndiphulika.

Paja mukudziwa kuti ku jimu komwe ndimagwira ntchito ndimavinitsa azimayi a kutchalitchi kwathu Lachiwiri ndi Lachinayi m'mawa. Ndi gulu lomwe lija linadzutsa Amayi pampando, adokotala atanena kuti shuga wawo akufuna thukuta, osati mapiritsi okha. Ndiye bwana wathu Darren anaika chipata chatsopano pakhomo pa chipinda chomwe timaviniramo. Ukagunditsa khadi lako chimatseguka, ndipo nthawi yomweyo foni yake imaonetsa kuti m'kati muli anthu angati. Chipinda chikakhala chopanda anthu, magetsi ndi makina oziziritsa amazima okha. Akuti kumeneko ndiye kuyendetsa bizinesi mwanzeru.

Tsiku lina anandiitana, maso ali pafoni. "Seini, kugulu lako lija kumabwera munthu mmodzi. Chipindacho ndipatsa anyamata onyamula zitsulo."

"Mmodzi? Bwana, mudzabwere mudzaone, pansi pamachita kugwedezeka!"

"Ine m'mawa sindikhala pano. Manambala sanama."

Aaa! Ndinakaima pakhomo kuti ndione komwe bodzali likuchokera. Achemwali, ndi ulemu wathu womwe uja. Azimayi onse amadikirana panja mpaka afike Mayi Kalolaine, akazi a abusa. Iwo akagunditsa khadi, wina amagwira chitseko, onse n'kulowa pambuyo pawo ngati akulowa m'tchalitchi, makadi ali phee m'zikwama. Chipatacho chimawerenga mmodzi.

Darren anandipatsa Lachinayi lotsatira kuti manambala aoneke, apo ayi gulu litha. Ndinawachonderera azimayi aja kuti aliyense azigunditsa lake, polowa ndi potuluka pomwe, ndipo chitseko chizitsekeka kaye asanadutse wina.

Amayi athu anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Iwe Seini, ukuti ndilowe, chitseko chimenyetseke pamaso pa mnzanga? Anakulera ndine kapena Darren?"

"Amayi, ndi makina chabe."

"Eya, makina opanda makolo."

Onse anaseka, komabe anavomera. Lachinayi lija analowadi mmodzimmodzi, aliyense akupepesa kwa amene ali pambuyo pake. Tinavina mpaka malaya kunyowa, ine mtima uli m'malo. Koma titamaliza, bondo la Mayi Kalolaine linakana kuyenda. Inu mukanatani? Awiri anawagwira m'mikono, Amayi anagwira chitseko, gulu lonse n'kutuluka limodzi kuwaperekeza kugalimoto. Zamakadi palibe anakumbukira, ngakhale ine ndemwe.

Madzulo Darren anandiimbira. "Foni ikuti azimayi ako akuvinabe chiyambire m'mawa. Ndapitako, chipinda chazizira ngati filiji, magetsi ali ngwee, mulibe ngakhale ntchentche. Unangotolera makadi a anthu n'kumagunditsa wekha eti?"

Ine wakuba manambala! Ndinafotokoza za bondo lija mpaka kummero kuuma. Ndinati afunse aliyense amene analipo, iye akuti nkhani yatha. Chimene chikundinyansa n'chakuti sanawaonepo azimayi amenewa ndi maso ake ngakhale kamodzi. Amadziwa kuti pakadali pano kubafa kuli anthu angati, koma sadziwa kuti Amayi anasiya ndodo chifukwa cha chipinda chimenecho. Lero m'menemo mukungomveka zitsulo kugwa. Ine wandiika pakauntala, ntchito yanga ndi kuuza anthu kuti asagwirirane chitseko.

Ndayesa kufunsa holo ya kutchalitchi, akuti m'kati mwa sabata mumakhala ana a mkaka. Kupaki nako dzuwa layamba kale kuotcha. Ndikufufuzabe.

Tsono pempho langa ndi ili. Amayi ndinawauza kuti chipindacho akuchikonza pansi. Sindingathe kuwauza kuti gulu latha chifukwa anagwirira mnzawo chitseko. Mukamawaimbira foni Lamlungu musaitchule nkhaniyi, chonde, ingowalimbikitsani kuti aziyendako pang'ono madzulo, pajatu inu amakumverani kuposa ine. Shuga wawo wayambanso kukwera, koma musaope kwambiri.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mayi Kalolaine bondo lili bwino. Amayi akupereka moni wambiri, akuti mukonzeke chifukwa pa Khirisimasi adzakuposani kuvina. Nsapato zawo zajimu anazichapanso dzulo, zili pakhomo, ndipo m'mawa uno andifunsa kuti, "Kodi pansi paja sanamalizebe?"

Ndine mng'ono wanu,
Seini