Liwombo la Tobias

Lamulungu, 12 Januwale

Tobias kutsegula m'mimba tsiku lachitatu. Liwombo lalowa, chala changa chikukwanamo. Mvula osakata. Mtsinje wadzaza, mlatho wamitengo wopita kuchipatala ku Vubwi wapita ndi madzi. Bambo ake, a Newton, ali ku Katete kuganyu. Foni yawo siikulowa.

A Sakala, mkulu wampingo, anabwera kudzapemphera. Akuti, "Amake Tobias, Mulungu amafungatira ana ake ngati nkhuku ndi anapiye." Ndinati ameni. Mumtima ayi. Nkhuku yanga inaswa asanu ndi atatu, kabawi watenga kale awiri, mapiko ali pomwepo.

Lolemba, 13 Januwale

Apongozi akuti ndi tsempho. Akuti mwana wawo wayenda njira ina kutauni ndiye matenda agwera khanda. Mankhwala ake mpaka mwini wake abwere. Amata phala la mizu paliwombo. Ndimafuna kusungunula mchere ndi shuga m'madzi monga anatiphunzitsa kusikelo, andilanda mchere. "Mchere womwewo ndi umene umapha, iwe!"

Ndiye ndidikire munthu amene sayankha foni? Ambuye, mukuona kapena mvulayi yakutsekani maso? Mundikhululukire. Koma ndalemba.

Lachiwiri, 14 Januwale

Sakuyamwa. Akulira popanda misozi.

Ndinakhala pakhonde, mutu osagwira. Madzi analowa pansi pa nkhokwe pamene nkhuku ija imagona. Ine ndimati ingokhala pomwepo, mapiko tambalale. Ayi. Inadzuka, kuitana ana, kudutsa nawo mvula yonse mpaka pachulu, kenaka n'kuwafungatira. Iyo chonyowa ngati sanza. Nditaikweza, tiana touma, totentha.

A Sakala sananene kuti nkhuku imanyamukanso.

Felix, mlongo wanga, akuti kumtunda kwa madimba madzi amalekeza pachifuwa. Apongozi akuti ndikawoloka ndi mwanayu ndisabwererenso pakhomo pawo. Chabwino.

Lachinayi, 16 Januwale

Kuchipatala. Dzulo tinawoloka. Felix kutsogolo ndi nsungwi, ine kugwira lamba wake, Tobias ndam'manga pamapewa m'pepala lapulasitiki la m'thumba la feteleza. Madzi sanali a pachifuwa, anali a m'khosi. Pemphero lonse linathawa, ndimangoti Yesu, Yesu.

Anesi anandikalipira kuti ndinachedwa, n'kuchotsa phala lija. Am'patsa diripi. Lero m'mawa wagwira bere. Waluma ndithu.

A Newton mpaka pano zii. Kobwerera sindikudziwa. Chitenje changa chikadali pawaya, sichinaume.

Koma pom'masula Tobias tsidya lino, anali wouma. Ngakhale kachipewa.