Tagwetsa Khomo Lomwe Anamanga Atate

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitweko. Kuno tilipo, kupatula mawondo a amayi.

Ndalakwa, achimwene. Khomo lokhota lija la tchalitchi chathu cha Angilikani, lomwe malemu atate anamanga ndi njerwa zoumba okha, taligwetsa. Ndine ndinaumiriza komiti kuti tiikepo chitseko chachitsulo chogula ku Chipata. Pogumula, tinapeza njerwa ina ili ndi chidindo cha dzanja la atate, la zala zinayi lija.

Lamulungu lapitali amayi anaima pakhomopo nafunsa kuti, "Walola zimenezi ndani?" Ine ndinangoyang'ana pansi.

Njerwayo ndaibisa m'sutukesi, amayi sanaione. Chonde imbani foni, mundithandize poyambira powauza.

Mulungu akusungeni pamodzi ndi alamu.

Ine mng'ono wanu,
Yohane