Mabawuti Opepuka

Wokondedwa msuweni Tayamika,

Khala pansi, uvule chipewa, uthengawu ndi waukulu: digiri yanga ija yapindula. Ndachotsa magalamu anayi pa bawuti! Tinaboola mabawutiwo pakati kuti apepuke, kenako makina athu kuno ku Somerset West anawagwedeza milungu isanu osapuma, koma sanathyoke. Abwana mpaka anandigulira chitumbuwa.

Makinawo ukawazimitsa, mayeso onse amayambiranso, ndipo woyang'anira ndinali ndekha. N'chifukwa chake sindinabwere.

Zikomo kwambiri podikirira amayi anga kuchipatala, iwe wamantha amene umathawa ngakhale fungo la jakisoni. Wandigwirira ntchito yomwe inali yanga. Ndamva kuti ankandifunsa mpaka tsiku lomaliza la moyo wawo. Zomwe unkawayankha usandiuze kaye.

Ndine msuweni wako,
Overtone