Mbale ya Ayuba

Kabwata, Lusaka
12 Epulo 1997

Okondedwa Amayi,

Salamu alaikumu. Kodi mwendo uja wasiya kukuvutani? Ife kuno tili moyo, Shamsiya ndi mwana wathu Twaibu ali bwino, koma ine mtima suli m'malo chifukwa cha mng'ono wanga Ayuba.

Paja ndinamupezera ntchito m'sitolo ya nsalu ku Kamwala, kwa mayi wina wachibemba, Ba Chisanga. Poyamba zinavuta. Masiku ano kutsogolo kwa masitolo kwadzaza ogulitsa makaseti ndi salaula, kaunjika wa kuno, aliyense akukuwa, ndiye Ayuba ankatseka makutu n'kulowa pansi pa tebulo makasitomala akuona. Ndinawafotokozera Ba Chisanga kuti si ulesi kapena misala, anabadwa choncho. Anandimvetsa. Anamusamutsira kuchipinda cha kumbuyo kuti azipinda zitenje, ndipo amamuuza ntchito imodzi, akamaliza ndiye ina. Kumeneko akugwira bwino ndithu.

Chatsala ndi chakudya. Masana antchito onse amadyera m'mbale imodzi, ndiwo mwambo wa pasitolopo. Ayuba anakana. Anzake zinawapweteka. Wina dzina lake Abson anati Ayuba akuwayesa mfiti zofuna kumudyetsa mankhwala, ena anati Asilamu timanyansidwa ndi Akhristu. Mwana wanuyo mukumudziwa, anangoyang'ana khoma. Ndinapita kukapepesa, ndinasamba m'manja n'kudya nawo m'mbale yomweyo. Abson anaseka, anati ndawadyera gawo la anthu awiri, ndipo mkwiyo unathera pomwepo.

Tsopano alola kuti azidyera yekha kumbuyo, koma mbale za pasitolo sazikhudza. Za kunyumba kwanganso sazifuna. Ndinamugulira ina ku City Market, anangoikankha. Chibwerere kuno akudya buledi ndi tiyi basi. Sabata yatha anagwa ndi njala atasenza mpukutu wa nsalu. Ba Chisanga sanandibisire, anati, "Lajabu, mng'ono wako ndikumufuna, koma akagwanso sindingamusunge."

Pempho langa ndi limodzi. Nditumizireni mbale yake yachitsulo ija, ya mzere wabuluu, yobenthuka m'mphepete. Muwapatse achemwali anga a Rukiya akamabwera kudzaoda nsalu kumapeto kwa mwezi. Musagule yatsopano yofanana nayo, aizindikira.

Ndikudziwa amalume akamva izi anena kuti abwerere ku Mchinji akaonedwe ndi asing'anga. Chonde musavomere. Kumudzi ankangokhala kuseri kwa nyumba, ana akumugenda. Kuno amadzuka yekha, amasita malaya ake, amandidikira pakhomo kuti tizipita.

Pali chinanso chimene sindinauze munthu. Twaibu wayamba kutseka makutu minibasi ikaliza hutala, ndipo tikamuitana satembenuka. Shamsiya akuti ndi ubwana chabe. Ine ndikamuyang'ana ndimaona Ayuba ali wamng'ono. N'chifukwa chake sindikufuna ntchito imeneyi ithe, Amayi. Ndikufuna ndione ndi maso anga kuti munthu wotere akhoza kukhala pantchito anthu osamuthamangitsa, kuti Twaibu akadzakula ndidzadziwe pomutengera.

Mundiperekere moni kwa amalume, kwa azakhali ndi kwa alamu anga onse. Shamsiya akuti mumuikire nawo mtedza pang'ono ngati mwakolola. Ayuba ndamufunsa choti ndikulembereni, wangoti mbale.

Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Lajabu