Basi Yam'mawa, Okwera Afika Masana

Aphungu,

Zandivuta. Ndimapanga mapulogalamu a pafoni, ndipo mwezi wathawu ndinawapangira Mzee Shija, bambo ake a chibwenzi changa Nyanjige, pulogalamu yogulitsira matikiti a mabasi awo opita ku Shinyanga. Ndinkafuna aone kuti akupeza mkamwini wamutu.

Pantchito yathuyi sitilemba zonse tokha. Timatenga malaibulale, zidutswa zimene anzathu analemba kale, n'kumangolumikiza. Ine ndinatola ina yolemba nthawi m'Chiswahili, osaiyesa n'komwe. Iyo inangomasulira mawu, manambala n'kuwasiya momwemo. Mukudziwa kuti kuno ku Tanzania maola timayamba kuwerenga dzuwa likatuluka. Ndiye basi ya 7 koloko m'mawa, imene ife timati ya ola loyamba, pafoni inatuluka kuti "saa saba", ola lachisanu ndi chiwiri, lomwe kwa ife ndi 1 koloko masana. Anthu anafika masana atadya kale, basi ili ku Shinyanga.

Mayi wina wa dengu la nsomba anakuwa kuti, "Kodi basi yanuyi imayendera dzuwa la dziko liti?" Mzee analoza chala kalaliki wawo, a Maduhu, amene awagwirira ntchito zaka makumi awiri ndipo ndiwo analowetsa nthawizo mu pulogalamuyo: "Maduhu, maso atha awa! Mwezi ukatha mukapume kwanu." A Maduhu anangoti, "Bwana, ine ndinalemba bwinobwino." Ine ndinali pomwepo, koma sindinaulule kuti wolakwa ndine.

Pulogalamuyo ndakonza mwakachetechete, koma mtima sukundipatsa mtendere. Loweruka lino amalume akupita kukandifunsira mbeta. Ndiulule, kapena ndidikire ukwati udutse kaye?

D.M., Mwanza

A D.M.,

Ndinaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi, koma nditafika pa a Maduhu kuseka kunatha.

Laibulale musainamizire. Anailemba munthu amene mwina ku Mwanza sanapondeko, wobadwira kuno ndinu. Kodi nsapato mumagula osayesa? Ulendo wina ikani nthawi zingapo, m'mawa, masana ndi madzulo, foniyo mum'patse mayi wa pamsika akuwerengereni mokweza. Werenganinso malangizo a eni laibulaleyo, ndipo muwauze za vutoli lisagwetse ena.

Tsopano nkhani yeniyeni. Yambani mwamuuza Nyanjige, asamvere kwa ena. Mawa lomweli pitani kwa Mzee, foni kumanja, muwaonetse pamene panalakwika. Mukachoka apo mukapepese a Maduhu pamaso pa onse amene anaona akunyozedwa. Mzee akalipa ndithu, ndipo makondakitala azikutchulani "mkamwini wa saa saba" mpaka mudzamere imvi. Zimenezo sizipha munthu.

Koma chenjerani, musadikire Loweruka. A Maduhu akudziwa zimene analemba, ndipo tsiku lina wina adzawamvera. Bambo akhoza kupereka mwana wake kwa mnyamata wosokoneza maola. Koma kwa munthu amene anangoima chilili mkulu akuchotsedwa ntchito pa mlandu wa iyeyo, sapereka ngakhale nkhuku.

Aphungu