Kuchotsedwa kwa a Paskale Chulu mu Komiti ya Zaumoyo

Tsiku: Lachinayi, 14 Ogasiti 2025
Malo: Pakhonde la kiliniki, kwa Mnkhanya, m'boma la Mambwe
Opezeka: A Josiah Sakala (wapampando), a Onesmus Mwanza (mlembi), a Maxwell Ngoma, mayi Ennie Tembo, mayi Delia Chulu, mayi Cathrine Zulu (namwino)
Osapezeka: A Paskale Chulu (sanaitanidwe)

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 10:00.

2. Nkhani ya a Paskale Chulu
Wapampando anati a Paskale, membala amene amayendera odwala omwa ma ARV m'midzi, anamangidwa mwezi watha, munthu wina atawaneneza kuti amagonana ndi mwamuna mnzawo. Apolisi anawatulutsa umboni utasowa, koma m'midzi ina anthu akuwatsekera zitseko.

A Ngoma anati lamulo la dziko lino limaletsa mchitidwewu, ndipo komiti ikawasunga, anthu aziti ikugwirizana nawo. Anapempha kuti achotsedwe.

Namwino anati lamulo lotere lilipodi m'maiko ambiri, koma ena monga Botswana ndi Mozambique analithetsa, ndipo kuno alipo amene akupempha boma kuti liliunikenso. A Ngoma anati kuno si ku Botswana. Namwino anapitiriza kuti chimangidwire a Paskale, amuna ena asiya kudzatenga mankhwala poopa kulozedwa chala, ndipo mmodzi anaikidwa m'manda sabata yatha. Wapampando anati imfayo siili pa ndondomeko ya lero.

Mayi Chulu, amene ndi mayi awo a Paskale, anaimirira osapatsidwa mpata. Anati: "A Ngoma, mng'ono wanu atadwala mumaopa kumugwira, amene amamusambitsa ndi mwana wanga. Apolisi amumasula. Nanga inu mukumumangiranji?" Mayi Tembo anati iwo amawakonda a Paskale, koma sangawaikire kumbuyo poti ali ndi ana ndiponso udindo kutchalitchi.

Povota, atatu anati achotsedwe, awiri anakana. Wapampando sanavote.

3. Zina ndi zina
Mayi Chulu anadziwitsa komiti kuti isavutike kukawauza a Paskale, chifukwa anachoka Lamlungu nyumba yawo itagendedwa, ndipo sakudziwa kumene akugona. Anatula pansi umembala wawo n'kutuluka.

Wapampando anafunsa amene angatenge ntchito yoyendera odwala. Anafunsanso kachiwiri. Palibe anadzipereka.

4. Kutseka
Msonkhano wina udzakhalapo pa 11 Sepitembala. Wa lero unatha nthawi ya 11:20.

Wapampando: J. Sakala
Mlembi: O. Mwanza